Za Mau Oyamba a Sikimu ya Cingerezi

M'masiku otsiriza a chuthi, ana akali kumudzi kuthandiza makolo ao, aphunzitsi a sukulu za pulaimale amakhala pansi ndi kope lalikulu ndi rula, kulemba cimene iwo eni amacichula sikimu. Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe mwambo wace ndi umodzi. Boma limatumiza silabasi, ndilo buku lonena zonse zimene mwana ayenera kuphunzira pa caka. Ku Malawi buku limeneli limakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo ku Zambia ku Curriculum Development Centre mu Lusaka. Tsono mphunzitsi amatenga silabasiyo naigawa sabata ndi sabata kufikira kutha kwa teremu, ndipo kugawa kumeneku ndiko sikimu. M'sikimumo ndimo mucokera pulani ya phunziro la tsiku ndi tsiku.

Tsamba loyamba la kope limenelo limakhala la mau oyamba, ndipo pa masamba onse ili ndilo lilembedwa mothamanga koposa. Aphunzitsi ambiri amabwereka kope la caka catha, kapena la mnzao wa pa sukulu ina, nakopera mau ace monga momwe aliri: kuti Cingerezi cilankhulidwa m'maiko ambiri, kuti ndico khomo la maphunziro apamwamba ndi la nchito zabwino, ndi kuti mwana wocidziwa adzathandiza dziko lace. Mau amenewa si onama ai. Koma akhoza kulembedwa pa sikimu ya Sitandade 1 ndi ya Sitandade 8 yomwe osasintha kanthu, pa sukulu ya mu mzinda wa Blantyre ndi ya kumapiri a ku Dedza cimodzimodzi. Amamveka bwino powerenga, koma sauza munthu kanthu za kalasi imene sikimuyo yalembedwera. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere.

ADZAWERENGA NDANI?

Asanagwire colembera, mphunzitsi ayenera kudzifunsa kuti tsambalo adzaliwerenga ndani. Mphunzitsi wamkulu adzaliona nasainapo dzina lace. Woyendera masukulu akafika adzaliyang'ana. Koma alipo wowerenga wina amene aiwalika kawirikawiri, ndiye mphunzitsi amene adzalandira kalasiyo pakati pa teremu. Aphunzitsi amasamutsidwa, amadwala, amapita ku maliro kutali, amai amapita kukacira, ena amaitanidwa ku maphunziro. Tsiku lina Lolemba m'mawa mlendo aimirira pamaso pa ana amene sanawaonepo, m'manja mwace muli kope lokhalo. Ngati tsamba loyamba lingomuuza za ubwino wa Cingerezi, adzataya masabata awiri kapena atatu kufufuza pamene anawo afika, ndipo adzabwereza zimene adziwa kale, kapena adzalumpha zimene sanazimve konse.

Otaya pa zimenezi ndiwo ana. M'maiko atatu onsewa, mayeso otsiriza a pulaimale, amene atsegula kapena kutseka njira ya ku sekondale, mapepala ace ambiri amafunsidwa m'Cingerezi. Mwana wosamva funso la masamu cifukwa ca Cingerezi amalakwa masamu amene akanawakhoza akanafunsidwa m'cinenero ca kwao. Masabata otayika mu Sitandade 3 amadzalipiridwa patapita zaka zisanu, m'cipinda ca mayeso.

Cifukwa cace muyeso wa mau oyamba abwino ndi uwu: mphunzitsi wina wosadziwa sukuluyo akawerenga tsambalo, adziwe ana amene ali nao, kumene ayenera kuwafikitsa, ndi zimene ali nazo m'manja zoyendera ulendowo.

Caka ca 1949 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Chicago, dzina lace Ralph Tyler, anasindikiza kabuku konena za makonzedwe a maphunziro. M'menemo anaika mafunso anai amene wokonza maphunziro ali yense ayenera kuyankha, ndiwo a colinga ca maphunzirowo, zimene ana adzacita kuti acifikire, dongosolo la zocitazo, ndi njira yodziwira ngati colingaco cafikiridwa. Mafunso amenewa akali othandiza kufikira lero. Koma mphunzitsi wa m'kalasi ali ndi funso lina lotsogola pa onsewa, pakuti iye sakonzera dziko lonse koma ana amene awadziwa ndi maina.

COYAMBA: ANA ENI ACE

Mau oyamba ayambe ndi ana. Mphunzitsi alembe kuti ali angati, anyamata angati ndi atsikana angati, zaka zao ziyambira pati ndi kulekeza pati, ndiponso angati akubwereza kalasi. M'kalasi imodzi ya Sitandade 3 mukhoza kukhala mwana wa zaka 8 pamodzi ndi wa zaka 13, ndipo kanyimbo kokondweretsa wamng'onoyo kamacititsa manyazi wamkuluyo. Alembenso cinenero cimene anawo alankhula kwao. Ku Mangochi ambiri alankhula Ciyao, ku Rumphi Citumbuka, ku Kitwe Cibemba, ku Bulawayo Cindebele, ndipo m'midzi ya pa migodi ndi pa mafamu ku Zimbabwe muli ana olankhula Cicewa amene agogo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kukafuna nchito. Kwa mwana wa Ciyao wa ku Mangochi, Cicewa ndi cinenero caciwiri, Cingerezi ndi cacitatu, ndipo mlendo wolandira kalasiyo ayenera kudziwa zimenezi asanatsegule pakamwa.

Coposa zonse, alembe zimene anawo akhoza kucita tsopano. Kulemba kuti ana ali m'mbuyo, kapena kuti ndi anzeru, sikuthandiza munthu. Cofunika ndi kunena kuti angati akhoza kuwerenga ciganizo cacifupi m'cinenero cao, angati amamva akauzidwa m'Cingerezi kuti aimirire, atsegule buku kapena atseke citseko, ndi angati akhoza kulemba dzina lao popanda kukopera. Zimenezi sizipezeka mu silabasi. Mphunzitsi apite kwa mnzace amene anali ndi anawo caka catha, aone kaundula wa maina ndi makope ao akale, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo asiye mpata pa tsambalo, kuti sabata yoyamba aitane ana khumi mmodzimmodzi, ena a kutsogolo, ena a pakati ndi ena a kumbuyo, osati okhawo okweza manja, nawayese, nalembe zimene wapeza.

Wina akhoza kufunsa kuti kuwerenga Cicewa kapena Cibemba kukhudzana bwanji ndi sikimu ya Cingerezi. Yankho linaoneka m'zaka za m'ma 1990, pamene Eddie Williams, wa ku yunivesite ya Reading ku England, anayesa kawerengedwe ka ana a ku Malawi ndi a ku Zambia. Nthawi imeneyo ana a ku Zambia anali kuphunzira zonse m'Cingerezi kuyambira kalasi yoyamba, pamene a ku Malawi anali kuphunzira m'Cicewa zaka zinai zoyamba, Cingerezi ciri phunziro limodzi mwa maphunziro ao. Iye anapeza kuti pa kuwerenga Cingerezi ana a maiko awiriwa sanasiyane kweni kweni, koma pa kuwerenga cinenero ca kwao a ku Malawi anaposa anzao kutali. Tanthauzo lace ndi lakuti kuyamba ndi cinenero ca kwanu sikucedwetsa Cingerezi. Mwana amaphunzira kamodzi kokha kuti zilembo ziimira mau, kuti mzere uyambira kumanzere, ndi kuti colembedwa ciri ndi tanthauzo. Amene wadziwa izi m'Cicewa watsala ndi nchito imodzi, ndiyo kuphunzira cinenero catsopano. Amene sanadziwe ali ndi nchito ziwiri nthawi imodzi. Sikimu ya ana oyambawo singafanane ndi ya enawo.

Pa tsamba lomwelo palembedwenso lamulo limene liripo caka cimeneco la cinenero cophunzitsira, pakuti malamulo otere asintha kawirikawiri. Ku Zambia lamulo la 1966 linaika Cingerezi kuyambira Giredi 1, ndipo mu 2014 boma linati makalasi anai oyamba aphunzire m'cinenero cozolowereka kuderalo. Ku Malawi Cicewa cinakhala cinenero ca dziko mu 1968. Mu 1996 unduna unalamula kuti Sitandade 1 kufikira 4 aphunzire m'zinenero za kwao. Ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linachula Cingerezi kukhala cinenero cophunzitsira. Ku Zimbabwe lamulo la 1987 linalola Cishona kapena Cindebele m'makalasi atatu oyamba, ndipo malamulo aakulu a dzikolo a 2013 anavomereza zinenero 16, Cicewa ciri cimodzi ca izo. Mphunzitsi wokopera kope lakale akhoza kukopera pamodzi ndi lamulo limene linatha kale.

CACIWIRI: KUMENE ANA AYENERA KUFIKA

Atanena pamene ana ali, mphunzitsi anene kumene afuna kuti akhale atafika pakutha pa teremu. Apa ndi pamene mau okoma amanyenga koposa. Kulemba kuti ana adzakonda Cingerezi, kapena kuti adzalankhula bwino, ndi kulemba cinthu cimene palibe munthu angaciyese. Colinga ceni ceni ndi cimene munthu akhoza kuciona ndi maso kapena kucimva ndi makutu: kuti mwana adzapereka moni ndi kuyankha moni; kuti adzanena zimene anacita dzulo m'ziganizo zitatu; kuti adzawerenga nkhani ya mizere isanu ndi kuyankha mafunso ace; kuti adzalemba ciganizo coyamba ndi cilembo cacikulu ndi kutha ndi mpumiro. Zolinga zisanu kapena zisanu ndi cimodzi zotere zikwanira teremu imodzi.

Ciwerengero ca mau atsopano cilembedwenso. Michael West, amene anaphunzitsa aphunzitsi ku Dacca m'dziko la Bengal, anaona kuti ana amalephera kuwerenga cifukwa mabuku ao anali odzaza ndi mau acilendo pa mzere uli wonse. Iye analemba mabuku olowetsa mau atsopano pang'ono pang'ono ndi kuwabwereza kawirikawiri, ndipo mu 1953 anasindikiza mndandanda wa mau pafupifupi 2,000 amene agwiritsidwa nchito koposa m'Cingerezi. Ciwerengero cimeneci cimaoneka cacikulu, koma cikagawidwa cimacepa. Mwana wophunziradi mau 10 pa sabata, masabata 30 pa caka, apeza mau 300. Pa zaka 7 apeza mau 2,100. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kulumpha. Mphunzitsi wolemba mau 40 pa bolodi sabata iri yonse amaoneka wacangu, koma ana ace amaiwala pafupifupi onse, cifukwa palibe nthawi yowabwereza.

CACITATU: PAMENE ANA ADZAPUNTHWA

Cinenero ciri conse ciri ndi misampha yace kwa mlendo, ndipo misampha ya Cingerezi kwa mwana wolankhula Cicewa idziwika kale. Mphunzitsi woilemba pa tsamba loyamba amadzikumbutsa yekha kuipatsa malo mu sikimu, namcenjezanso wolandira kalasi.

Cicewa ciri ndi zilembo za liu zisanu, a, e, i, o, u, ndipo ciri conse cimveka mwa njira imodzi. Cingerezi ca ku England cilembedwa ndi zilembo zomwezo, koma mamvekedwe ace si ocepera 12, osawerengera ophatikizana. Cotero kwa mwanayo "ship" ndi "sheep" ndi liu limodzi, ndipo "hat", "hut" ndi "heart" zimveka cimodzimodzi. Cilembo a cimveka mosiyana mu "cat", "car", "cake" ndi "call", cinthu cimene cimazunguza mwana wozolowera kuwerenga monga momwe kwalembedwera. Mau a Cicewa amatha ndi cilembo ca liu, ndipo zilembo zina sizigundana popanda liu pakati. Ndico cifukwa cace "school" inasanduka sukulu ndi "book" buku, ndipo mwana amacita cimodzimodzi ndi liu liri lonse latsopano. M'Cicewa l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo, koma m'Cingerezi "play" ndi kusewera ndipo "pray" ndi kupemphera. Mwana wa Cishona ali ndi vuto lomwelo mwa njira yace, pakuti cinenero cace ciri ndi r koma ciribe l. Ndiponso mwana wodziwa kuwerenga thupi ndi phiri akaona "three" ndi "photo" amachula th ndi ph monga kwao.

Iripo misampha inanso ya kaumbidwe ka ziganizo. Liu lakuti iye liimira mwamuna ndi mkazi yemwe, cotero "he" ndi "she" zimasokonezeka ngakhale kwa akulu. Timau "a" ndi "the" tiribe tinzace m'Cicewa. Ndipo kayankhidwe ka funso lokana kamasiyana. Mwana akafunsidwa kuti, "Kodi sunabwere ndi buku?" amayankha kuti inde, kutanthauza kuti sanabwere nalo. Akafunsidwa funso lomwelo m'Cingerezi amayankha kuti "Yes", ndipo mwini cinenero amamva kuti buku liripo. Mwanayo sananame, ndipo si wopusa; wayankha bwino mwa lamulo la cinenero cace. Mphunzitsi wodziwa gwero la colakwa amaciongola ndi kuleza mtima, koma wosadziwa amangokalipa.

Sikofunika kulemba misampha yonse. Mphunzitsi asankhe itatu kapena inai imene adzalimbana nayo teremu imeneyo, yotsalayo aisiyire teremu ina.

CACINAI: NTHAWI NDI ZIPANGIZO

Masikimu ambiri amalephera cifukwa analembedwa ngati kuti teremu iribe zododometsa. Mwa citsanzo, teremu ikhale ya masabata 13, maphunziro a Cingerezi 10 pa sabata, liri lonse la mphindi 35. Pa pepala amenewo ndi maphunziro 130. Koma sabata yoyamba imathera pa kulemba maina ndi kusesa, yotsiriza ndi ina ya pambuyo pace zimathera pa mayeso ndi kuconga, ndipo pakati pali masiku a chuthi ca boma, a masewera, a msika, ndi a mvula pamene mtsinje wadzaza kapena kalasi ya pansi pa mtengo yabalalika. Otsala akhoza kukhala maphunziro 100 kapena kucepera. Mphunzitsi alembe ciwerengero coonaco, nagawe nchito yace pa ico.

Awerengenso nthawi ya mwana mmodzi. M'kalasi ya ana 90, phunziro la mphindi 35 likagawidwa mofanana, ngakhale mphunzitsi asalankhule konse, mwana ali yense apeza masekondi 23. Makalasi otere si acilendo. Pamene Malawi anacotsa fizi ku pulaimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kucoka pafupifupi 1,900,000 kufika pafupifupi 3,000,000 pa caka cimodzi, ndipo kuyambira pamenepo makalasi ang'onoang'ono akhala odzaza pa masukulu ambiri. Mphunzitsi wolemba masamu amenewa pa tsamba loyamba amaona yekha kuti kufunsa mwana mmodzimmodzi sikungakwanire, ndi kuti ana ayenera kulankhulana awiriawiri ndi m'magulu.

Za zipangizo alembe zimene ziripo, osati zimene ziyenera kukhalapo. Ngati mabuku ali 30 pa ana 90, anene comweco, ndi kunena ngati mabukuwo amagona kusukulu kapena amapita nao kunyumba. Ngati kulibe zithunzi, achule zimene adzagwiritsa nchito m'malo mwace: miyala, cimanga, dengu, makatoni odulidwa olembapo mau, ndi mcenga wa pabwalo umene ana angalembepo ndi cala. Sikimu yochula wailesi pa sukulu yopanda wailesi imasoceretsa wolandira kalasi, ndipo imabisira woyendera masukulu kusowa kumene iye akanakanena kwa akulu ace.

CACISANU: NJIRA YOPHUNZITSIRA

Pa za njira, mizere yocepa ikwanira. Harold Palmer, Mngerezi amene anagwira nchito ku Japan kuyambira 1922 kufikira 1936, anaphunzitsa kuti cinenero ciyamba ndi khutu ndi pakamwa, buku lidza pambuyo. Mwana ayambe wamva liu, alichule, kenaka aliwerenge, potsiriza alilembe. Mai ali yense adziwa zimenezi, pakuti palibe mwana analemba asanalankhule. Palmer anakondanso njira yotenga ciganizo cimodzi ndi kusinthamo liu limodzi limodzi, monga "I have a hoe", "I have a basket", "She has a basket", kufikira kaumbidweko katakhazikika pa lilime. Njira imeneyi sifuna ndalama, koma ifuna kuti ana adziwe tanthauzo la zimene akunena. Apo ai, kalasi yonse imayimba mau mokweza popanda womva kanthu, ndipo wodutsa panja amayesa kuti ana akuphunzira.

Apa mphunzitsi anene poyera malo a cinenero ca ana m'phunziro la Cingerezi. Ambiri amalemba kuti adzalankhula Cingerezi cokha, cifukwa aopa woyendera masukulu, koma m'kalasi amalankhula Cicewa theka la nthawi. Ndi bwino kulemba coona ndi kucipatsa malire. Khasu ndi dengu zikhoza kusonyezedwa, kuthamanga ndi kukhala pansi kukhoza kucitidwa, ndipo pamenepo kumasulira sikufunika. Koma "because" ndi "yesterday" alibe cithunzi. Kunena kamodzi kuti cifukwa, kapena dzulo, kumapulumutsa mphindi khumi za kulozaloza, ndipo pambuyo pace phunziro libwerere m'Cingerezi. Wolandira kalasi akadziwa lamulo limene ana azolowera sadzawasokoneza ndi lina.

Potsiriza anene m'mene adzadziwira ngati ana afika. Mayeso a kumapeto kwa teremu amadza mocedwa, zinthu zitaonongeka kale, ndipo amayesa kulemba kokha. Ngati colinga cina ndi kulankhula, payenera kukhala tsiku, kapena Lacisanu liri lonse, pamene ana angapo amvedwa akulankhula ndi kuwerenga, ndipo zotsatira zace zilembedwa pa dzina la mwana ali yense.

CITSANZO

Mau oyamba a sikimu ya Cingerezi amalembedwa m'Cingerezi, koma tanthauzo la tsamba labwino, pa sukulu yongoyerekeza, likhoza kukhala lotere:

"Sikimu iyi ndi ya Sitandade 3, teremu yoyamba. Ana alipo 88, atsikana 47 ndi anyamata 41, a zaka 8 kufikira 13. Obwereza alipo 14. Ambiri alankhula Cicewa kwao, koma 11 alankhula Ciyao. Pa ana khumi oyesedwa sabata yoyamba, asanu ndi mmodzi anawerenga ciganizo ca Cicewa, atatu anawerenga mau asanu a Cingerezi, onse anamva malamulo afupiafupi a m'kalasi. Pakutha pa teremu ana adzapereka ndi kuyankha moni, adzanena zimene ali nazo ndi zimene akucita, adzawerenga nkhani ya mizere isanu, ndipo adzalemba ziganizo ziwiri paokha. Mau atsopano adzakhala 10 pa sabata. Zovuta zolimbana nazo ndi he ndi she, l ndi r, ndi kuonjeza liu kumapeto kwa mau. Maphunziro oyembekezeka ndi 100. Mabuku alipo 30, ndipo amagona kusukulu. Ana amakhala atatuatatu, wodziwa kuwerenga ali pakati. Cicewa cidzagwiritsidwa nchito pomasulira mau osasonyezeka ndi popereka malangizo atsopano pokha. Osadziwa kuwerenga ali m'gulu lao, ndipo maina ao ali kumapeto kwa kope. Lacisanu liri lonse ana asanu ndi atatu adzamvedwa akuwerenga."

Tsamba limeneli liribe liu lotamanda Cingerezi, ndipo silifika pa mizere 30 ya m'kope. Koma mlendo akaliwerenga Lamulungu madzulo akhoza kuphunzitsa Lolemba m'mawa.

Ena adzati nchito yonseyi ndi yosafunika masiku ano, popeza boma limatumiza mabuku a aphunzitsi olongosola phunziro liri lonse, monga lacitira ku Malawi pa National Reading Programme imene inayamba mu 2016. Mabuku amenewo ndi othandiza ndithu, makamaka kwa mphunzitsi watsopano. Koma analembedwera dziko lonse, ndipo wowalemba sadziwa kuti pa sukulu yakuti ana 11 alankhula Ciyao, kapena kuti mlatho umamira mu Februwale. Buku la boma linena njira. Mau oyamba anena za oyenda m'njiramo.

KULEMBA NDI KUKONZANSO

Ngakhale achedwa oyamba, mau amenewa ndi bwino kuwamaliza potsiriza, masabata onse atagawidwa, pakuti pamenepo mphunzitsi amaona ngati zolinga zace zikwanira m'nthawi imene ali nayo. Akapeza kuti sizikwanira, acepetse zolinga, asaculukitse masabata pa pepala. Akatha, apatse tsambalo mnzace wa kalasi ina, namfunse ngati angathe kulowa nalo m'kalasimo mawa. Mafunso amene mnzaceyo adzafunsa ndiwo mizere imene yasowa.

Ndipo teremu ikatha, asatseke kope asanabwerere ku tsamba loyamba. Pansi pace alembe mizere itatu kapena inai: zolinga zimene zafikiridwa, zimene zalephera, maphunziro angati anacitikadi, ndi ana ati atsalira. Kulemba zotere kumafuna mtima wolimba, pakuti palibe munthu akonda kulemba kulephera kwace m'kope limene akulu ace adzaona. Mphunzitsi wamkulu wanzeru sadzamdzudzula cifukwa ca ico, popeza kope lonena kuti zonse zinayenda bwino teremu iri yonse ndilo loyenera kukayikiridwa. Mizere imeneyo ndiyo idzakhala ciyambi ca mau oyamba a teremu yotsatira, ndipo mphunzitsi wa Sitandade 4 akadza kudzafunsa za anawo, yankho adzalipeza litalembedwa kale.